Mwaika header, galimoto yayamba mavuto ikatentha: poyambira kufufuza

Dzuwa la Okutobala likafika pachimake muno mu Lilongwe, dandaulo limodzimodzi limabwereranso pakati pa ife okonda kusinthasintha galimoto. Munthu wachotsa manifodi yomwe inabwera ndi galimoto, chitsulo chija chosonkhanitsa utsi wotuluka mu injini n'kuupititsa ku ekizozi, m'malo mwake waika header ya mapaipi onyezimira, ija anzathu obwera nayo ku South Africa amaitchula kuti branch. Kulira kwa injini kwasintha, mtima wakhala pansi. Patapita sabata ziwiri kapena zitatu waima pomwetsera mafuta, wazimitsa, wathira petulo, ndiye ati alize, sitata ikungoti kha. Anyamata amukankha. M'mawa mwake galimoto ikulira kamodzinkamodzi ngati dzulo sikunachitike kanthu. Wagula batire yatsopano, vuto lilipobe. Wina kwake ndi fungo la pulasitiki yopsa, wina ndi nyali ya check engine yosazima, wina ndi phokoso la malata pansi pa galimoto.

Zinandionekera pa Corolla yanga yakale ya AE110, ya injini ya 5A-FE. Tsiku loika header, lata lomwe limaphimba manifodi linatsala pansi pagalaja. Nditafunsa, amakaniko anandiyankha mwaulemu ndithu: "Bwana, ili silingakwanenso apa, komanso ntchito yake n'kungosokosera basi." Hafu yoyamba ya mawu awo inali yoona, chifukwa lata lakale silikwana pa mapaipi atsopano. Hafu yachiwiri ndi imene inandidyera ndalama. Mwezi usanathe, pulasitiki yozungulira fani ya redieta inali itapindika, ndipo waya wa sensa yoyeza okosijeni mu utsi unali utasungunuka n'kumatirira pa paipi.

Lata limenelo, lomwe pa Chingerezi amati heat shield, ndiye mutu wa nkhani yonseyi. Mavuto ambiri obwera header ikaikidwa gwero lake ndi zinthu ziwiri zokha: kutentha komwe kwasowa chokutchinga, ndi utsi wothawira polumikizira. Musanagule sipeya iliyonse, yambani mwafufuza ziwirizi.

Kutentha kumeneku kukuchokera kuti

Utsi umatuluka m'silinda uli wotentha kwambiri. Galimoto ikamakoka pamtunda, monga pokwera ku Dedza mutanyamula anthu ndi katundu, umatha kufika madigiri 800 ngakhale kupitirira. Manifodi yachikale ndi chitsulo chokhuthala, chachifupi, ndipo opanga galimoto amachiphimba ndi lata. Header ndi mapaipi anayi aatali, opyapyala, khungu lake pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Malo otulutsa kutentha achuluka, ndipo mapaipiwo akudutsa pafupi ndi zinthu zomwe kale zinali patali. Walira mvula walira matope: mukafuna header, kutenthako mwakufunanso.

Ganizirani mbaula. Simuigwira, koma miyendo imamva kuwamba muli chapatali. Wina akaika chidutswa cha lata pakati pa inu ndi makala, kuwambako kumatha nthawi yomweyo, ngakhale moto ukuyakabe chimodzimodzi. Header yopanda lata imawamba chilichonse chomwe yayang'anizana nacho mofanana ndi mbaulayo. Mukamathamanga pa M1 mphepo imalowa pansi pa boneti n'kuchotsa kutentha kwina. Koma pa mndandanda wa galimoto wa pa mlatho wa Lilongwe kulowa ku Old Town masana, mphepoyo palibe. Nthawi yoipitsitsa ndi mphindi 10 kapena 15 mutangozimitsa: fani yaima, madzi asiya kuzungulira, ndipo kutentha konse komwe kuli m'chitsulo kukulowa m'zinthu zoyandikana nazo.

Choyamba kuchita n'chosalira ndalama. Tsekulani boneti injini itazizira, muone mbali yomwe ekizozi yatulukira. Pa injini za 4A-FE ndi 5A-FE imatulukira kutsogolo, kumaso kwa redieta, ndiye zovutika ndi fani, mawaya ake ndi mapaipi a madzi. Pa 1NZ-FE, yomwe ili mu Probox, Sienta, Axio ndi Fielder zambiri zomwe tikuyendera, imatulukira kumbuyo, kukhoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Kumeneko kuli mapaipi a mabuleki, chiwongolero ndi mphira wa mashafiti. Chilichonse cha pulasitiki, mphira kapena waya chomwe chili pafupi ndi paipi mochepera kutalika kwa chala chanu, chilembeni pa pepala. Amenewo ndiwo oyamba kuwakayikira.

Ikatentha sikulira, ikazizira ikulira

Apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama, choncho ndikhalapo pang'ono. M'kati mwa sitata muli waya wa kopa wokulungidwa. Kopa akatentha amavuta kudutsa magetsi: pa digiri iliyonse kukana kwake kumakwera ndi pafupifupi 0.4 peresenti. Sitata ikatentha ndi madigiri 100 kuposa m'mawa, kukanako kwakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Solenoidi, swichi ya maginito ya pa sitata, imalephera kukoka mwamphamvu, ndiye mumangomva kha, kapena injini imatembenuka mwaulesi ngati batire yatha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pezani mita yoyezera magetsi, ndipo muyeze vutolo lili mkati, osati m'mawa galimoto ili bwinobwino. Batire yodzaza, injini itazima kwa kanthawi, imaonetsa mavoti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Pomwe mnzanu akuliza galimoto, mavoti asatsike kupitirira 9.6. Ngati batire ikugwira pamwamba pa 10 koma sitata sikutembenuka, batire ilibe mlandu. Kenako yezani pakati pa mutu wa batire ndi bawuti ya pa sitata pomwe chingwe chachikulu chafikira, mnzanu akulizabe. Kusiyana kukapitirira theka la voti, chingwecho chapsa m'kati kapena mitu yake yachita dzimbiri. Chitaninso chimodzimodzi pa waya wa earth wochoka pa injini kupita ku bodi. Waya ameneyu nthawi zambiri amamasulidwa poika header, ndipo pobwezera amamangidwa mopupuluma kapena kuiwalika kumene.

Zonsezi zikakhala bwino, yang'anani pomwe sitata yakhala. Ngati ili mbali imodzi ndi ekizozi, paipi ikuyang'anizana nayo popanda chotchinga, mwapeza wolakwa. Ikani lata pakati pake. Ngati sitata ili mbali ina ya injini, kutali ndi mapaipi, header musainamizire: mabulashi a sitata atha, ndipo akanatha ngakhale mukanasiya manifodi yakale.

Anthu ena amathira madzi pa sitata kuti izizire msanga. Galimoto imaliradi, koma madziwo akagwera pa paipi yotentha amaing'alula powotcherera. Ndi bwino kutsekula boneti n'kudikira.

Alitaneta nayo imafooka ndi kutentha mwa njira yomweyi. Injini ikulira, pa batire pazioneka mavoti apakati pa 13.8 ndi 14.4. Ngati m'mawa zili choncho koma mutayenda ola limodzi zatsika kufika pa 13 kapena pansi, ndipo alitaneta ili pafupi ndi paipi, itchingeni isanapseretu.

Kaphokoso ka tiki tiki m'mawa

Mukaliza galimoto yozizira n'kumva kaphokoso kofulumira ngati ka makina osokera, kenako n'kuchepa injini ikatentha, utsi ukuthawira pa gasiketi, pomwe header yakumana ndi hedi, mutu wa injini. Chitsulo chikatentha chimafufuma n'kutseka kampatako, n'chifukwa chake phokosolo limazimiririka. Umboni wake ndi mwaye wakuda pambali pa fulanji, chitsulo chaphwatalala chomangira header pa hedi. Mukhozanso kupaka madzi a sopo polumikizirapo injini isanatenthe, mnzanu n'kuliza, inu n'kuyang'ana pomwe pakutuluka thovu. Muli ndi masekondi ochepa okha chitsulo chisanatenthe, ndipo manja azikhala kutali ndi fani ndi malamba.

Zoyambitsa n'zitatu. Manati amamasuka, chifukwa chitsulo cha stainless chimafufuma kwambiri kuposa cha manifodi yakale, ndipo kufufuma ndi kubwerera tsiku ndi tsiku kumafewetsa gasiketi. Pachifukwa chimenechi, header yatsopano imafunika kumangitsanso manati pakapita masiku angapo, injini itazizira, kuyambira a pakati kupita kunja. Chachiwiri ndi gasiketi yakale yomwe yabwezeredwa, kapena yopakidwa silikoni wamba yemwe sapirira moto wa pamenepo. Chachitatu, chomwe n'chofala pa ma header otchipa ndi owotcherera konkuno, ndi fulanji yopyapyala yomwe inapindika powotcherera. Ichotseni, muike rula yachitsulo pamwamba pake, muone ngati kuwala kukudutsa pansi. Ngati kukudutsa, ipititseni kwa a makina akaisalaze. Fulanji yabwino imakhala yokhuthala mamilimita 10 kapena kuyandikira apo. Sindikunyoza amisiri athu a ku Mchesi kapena ku Biwi, ambiri ndi aluso kwambiri, koma muziwauza za makulidwe a fulanji ntchito isanayambe, chifukwa chitsulo chokhuthala chimakwera mtengo ndipo sangachiike musanapemphe.

Kudontha kumeneku sikungosokosera chabe. Kampata kakakhala kumtunda kwa sensa ya okosijeni, mpweya wakunja umalowa, sensa imauza kompyuta ya galimoto kuti petulo wachepa, ndipo kompyutayo imawonjezera mafuta. Mumadabwa kuti galimoto yayamba kumwa kwambiri, pomwe pa makina oyezera pakutuluka P0171, nambala ya vuto yosonyeza kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya. Choopsa koposa ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Ngati mutu ukumakuwawani kapena mukumva tulo mukayenda mawindo otseka, siyani kaye galimotoyo mpaka pakonzedwe. Pankhani iyi ndikupemphani ndi mtima wonse, makamaka inu onyamula ana kusukulu m'mawa.

Malata akusokosera

Vuto ili ndi losavuta. Lata limamangidwa ndi timabawuti ting'onoting'ono, ndipo mahampu, maenje ndi misewu ya fumbi ya m'maeria athu zimakulitsa mabowo ake mpaka lata n'kumagwedera. Injini itazizira, gogodani malata onse ndi dzanja kuyambira ku injini mpaka ku sailensa. Lomwe lalira, liikeni washala wamkulu mbali zonse ziwiri za bowo, kapena limangeni ndi kilampu yachitsulo. Kulichotsa ayi. Lomwe lili pamwamba pa sailensa likuteteza thanki ya mafuta, ndipo la pakati likuteteza kapeti ndi chingwe cha handibuleki.

Fungo la pulasitiki ndi nyali ya check engine

Pulasitiki yokuta mawaya wamba a m'galimoto imayamba kuuma ndi kusweka ikamakhala nthawi yaitali pa madigiri opitirira 100, pomwe paipi ya header imatentha kangapo kuposa apo. Woyamba kupsa amakhala waya wa sensa ya okosijeni, chifukwa pa header bowo la sensa limakhala pena, ndiye wayayo amakokedwa kapena kulumikizidwa kuti afike. Mukaona P0135 kapena P0141 pa makina oyezera, nambala zoloza vuto la magetsi otenthetsera sensa, kapena fyuzi imodzi ikungopsapsa, tsatani waya ameneyu ndi maso kuyambira pa sensa mpaka pa pulagi yake musanagule sensa ina. Mudutsitseni kutali ndi paipi, mumuveke chikuto chosapsa chonyezimira kunja, ndipo pafupi ndi moto mumumange ndi waya wachitsulo, chifukwa zomangira za pulasitiki zimaduka.

P0420 ndi nkhani ina. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, pafupi kwambiri ndi manifodi, ndipo pa zina ziwirizi n'chinthu chimodzi. Pa zoterezi header ikalowa, converter imachoka, ndiye sensa yachiwiri, ya kumunsi kwa converter, imaona kuti utsi sukuyeretsedwa, P0420 n'kutuluka. Lata silingathetse zimenezi. Njira yoona ndi kuika converter ina kumunsi kwa header. Ndipo mukaichotsa yakaleyo, pitani nayo kunyumba. Muli platinum, palladium ndi rhodium m'kati mwake, n'chifukwa chake sizisowa ogula.

Buleki yofewa, mphira wong'aluka

Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa chinyezi malirewo amatsika kufika pa 140. A DOT 4 ndi 230 ndi 155. Ambiri a ife sitinasinthepo mafutawa chifikireni galimoto kuchokera ku Dar es Salaam. Tsono paipi ya mabuleki ikamawambidwa ndi header, kenako n'kuyamba kutsetsereka zitunda za msewu wa ku Salima kapena wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, komwe mabuleki amatentha kale paokha, mafuta amawira, pedulo n'kulowa pansi. Ngati pedulo ya buleki kapena ya kilachi imafewa galimoto ikatentha n'kulimbanso ikazizira, tchingani mapaipiwo ndipo musinthe mafuta onse tsiku lomwelo. Muonenso mphira wa shafiti ndi wa chiwongolero wa mbali ya ekizozi. Ukang'aluka kawiri pa chaka mbali imodzi yokha, si kuti sipeya n'zabodza, ukuwambidwa.

Mphamvu yomwe munkafuna sikuoneka masana

Mpweya wotentha ndi wopepuka. Ukatentha ndi madigiri 10, injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mpweya womwe ikanakoka. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, choncho mpweya wathu ndi wochepa kale ndi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi wa kunyanja ya mchere. Ambiri oika header amachotsanso bokosi la fyuluta n'kuika fyuluta yosongoka ija ili pamtetete pansi pa boneti. Imeneyo imamwa mpweya wowambidwa ndi header, ndipo kamphamvu komwe header inabweretsa kamathera pomwepo. Bwezerani bokosi lakale, kapena mangani khoma la lata pakati pa fyuluta ndi injini.

Mtundu wa header nawo uli ndi mbali yake. Ya 4-2-1, yomwe imaphatikiza kaye mapaipi a silinda 1 ndi 4, ndiponso 2 ndi 3, kenako awiriwo n'kukhala imodzi, imathandiza pa liwiro la injini la pakatikati, lomwe timayendera m'tauni. Ya 4-1, yomwe mapaipi onse anayi amakumana pamodzi, imadzuka liwiro la injini likafika pamwamba, komwe woyenda pakati pa Area 25 ndi City Centre safikako kawirikawiri. Mapaipi aakulu mopitirira muyeso amafooketsa galimoto ponyamuka.

Ngati usiku mukuona paipi ikufiira galimoto itangoima, imeneyo si nkhani ya lata. Mwina petulo akuchepa, kapena taimingi yachedwa, kapena ekizozi yatsekeka kumunsi. Zimitsani, mukayezetse.

Kupanga lata latsopano

Chomwe chimagwira ntchito pa lata si kukhuthala kwake koma mpata wa mpweya. Lata lokhudza paipi limatentha mofanana ndi paipiyo, ndipo lokhudza sitata limangopereka kutentha kwa sitatayo. Lisiyireni mpata mbali zonse ziwiri, sentimita imodzi kapena ziwiri, pogwiritsa ntchito manati owonjezera ngati miyendo. Malata awiri opyapyala okhala ndi mpata pakati amaposa limodzi lokhuthala. Mbali yonyezimira iyang'ane ku moto, ndipo musaipake penti yakuda, chifukwa chakuda chimamwa kutentha m'malo mokubweza.

Malata ofolera nyumba musawaike pafupi ndi header, ngakhale ali osavuta kupeza. Amakutidwa ndi zinki, yemwe amasungunuka pa madigiri 420, ndipo utsi wake umadwalitsa. Aluminiyamu amabweza bwino kutentha koma amasungunuka pa madigiri 660, choncho ndi woyenera kutchingira sitata, mawaya ndi mapaipi a mabuleki, osati kugona pa paipi penipeni. Loyandikira moto likhale la stainless. Njira yomwe inandithandiza ine ndi kupita kwa ogulitsa sipeya za galimoto zophwasula n'kugula malata akale a pansi pa galimoto, aja okhala ndi timabowobowo ngati chisa cha njuchi. Amadulika ndi sizasi ya malata, amapindika ndi manja, ndipo anapangidwira ntchito yomweyi. Yambani mwadula katoni kuti mupeze maonekedwe ake, kenako mukopere pa lata. Pindani m'mphepete kuti lisadule mawaya, mulimange malo osachepera atatu. Kumbukiraninso kuti injini imagwedezeka pa mamaunteni ake, ndiye lata lomangidwa pa injini lisamangidwenso pa bodi.

Ena amakonda kukulunga header ndi nsalu yosapsa ija amati wrap. Imachepetsadi kutentha pansi pa boneti, sindikana. Vuto lake ndi lakuti kutenthako kumatsalira m'chitsulo, ndipo nsaluyo imasunga madzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, pomwe timadutsa m'zithaphwi tsiku lililonse, header ya chitsulo wamba imadyeka ndi dzimbiri pansi pa nsalu inu osaona, mpaka tsiku lomwe yabooka. Nsaluyo ikamwa oilo wodontha pa kava ya injini imasanduka chingwe cha nyali. Ine ndimaona kuti ndi bwino kutchinga zinthu zomwe zikupsazo, n'kusiya paipi ipume. Ngati pali malo opanikizika pomwe lata silingalowe, kulungani kachigawo komweko kokha, mutatsimikiza kuti oilo sakudontha.

Pansi pa galimoto pasaiwalike. M'miyezi ya chilimwe udzu umakhala wouma paliponse, ndipo ku ukwati, kumaliro kapena kumunda timaimika galimoto pomwe tapeza malo. Paipi kapena converter yopanda lata la pansi imayatsa udzu wouma galimoto itaima, mwini wake ali kutali.

Pomwe ndi bwino kungobwerera

Pali galimoto zomwe header sizipindula nayo kwenikweni. Manifodi ya 1NZ-FE imabwera kale ili ya mapaipi a stainless, choncho kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi mavuto omwe mwaitana kuseri kwa injini komwe dzanja silifika bwino. Pa Honda Fit zina za masiku ano, manifodi inaumbidwira m'kati mwa hedi, ndipo utsi umatulukira pa bowo limodzi, ndiye palibe mapaipi anayi oti musinthe. Ngati header yanu yang'aluka kachiwiri powotcherera, yang'anani kaye ngati pali chigawo chofewa chija cholukidwa ndi waya pakati pa header ndi ekizozi yotsalayo, komanso ngati mphira wopachikira ekizozi uli wonse. Popanda zimenezi, kulemera kwa ekizozi yonse kumakoka pa header nthawi iliyonse injini ikagwedezeka. Ikang'alukanso zonsezi zili bwino, bwezerani manifodi yakale ndi lata lake, ndi gasiketi yatsopano.

Corolla yanga ija ndinaisiyira header, koma ndinaika lata la stainless pakati pa mapaipi ndi fani, lina laling'ono la aluminiyamu pa mawaya, n'kudutsitsa waya wa sensa kumbali. Poyesa ndinasankha tsiku lotentha, ndinayenda kuchokera ku Kanengo mpaka ku Bunda Turn-off kudzera m'tauni nthawi yoweruka, n'kuzimitsa kwa mphindi 15. Kenako ndinaliza, ndinatsekula boneti, n'kuyandikitsa kuseri kwa dzanja pa chilichonse chomwe ndinalemba pa pepala lija, chimodzichimodzi, osakhudza paipi. Pomwe dzanja silinapirire kukhalapo masekondi angapo, ndinabwererapo Loweruka lotsatira ndi kachidutswa kena ka lata.